Sikelo ya kwa Oostrum

Tinafika m'chigwa cha Annapolis
chisanu chitaluma kale masamba,
galimoto itayera ndi fumbi la mseu wa kumunda.
Pa shedi yofiira panalibe chikwangwani,
koma galu wokalamba atagona pakati pa maungu.

Marijke anandiyezera maapozi pa sikelo ya dzimbiri,
nawonjezerapo limodzi la chipsera.
"Ili linamenyedwa ndi matalala mu Julayi,
koma kutsekemera, anzake salifika."

Mwana wake Ansel, mano awiri atagweluka,
ankawerenga chenji m'chitini cha mabisiketi,
kulakwitsa, kuyambiranso,
lilime lili panja.

Pafupi ndi mabotolo a uchi
panali mpando wopanda munthu,
chipewa chaubweya chitakolekedwa pamenepo.
Ndinafunsa.
Marijke anapukuta manja pa epuloni.
"Njuchi zinali za bambo.
Chaka chino tafula tokha,
ndipo zatiluma tonse."
Anaseka pang'ono, maso ali kumunda.

Pobwerera ndinaluma apozi lija,
madzi ake n'kuyenderera mpaka pachigongono.
Mkazi wanga anati, "Tayiwala mazira."
Sitinatembenuke.
Kumbuyo utsi wa pachumuni unkakwera mowongoka
ngati wina akuukoka ndi chingwe.