Chingwe Chagolide

Unandifunsa pa foni, Anselmo, buledi ali m'kamwa,
kuti kalata ija uiyankhe bwanji,
ija yokuitanira ku gulu la osankhika pa yunivesite,
ya chidindo chonyezimira ngati khadi la ukwati.
Ndinati ndiganize kaye. Ndaganiza sabata yathunthu.

Chingwe chagolide chomwe anandikoleka m'khosi tsiku lomaliza
chili m'dilowa ya kukhitchini, pamodzi ndi mabatire akutha.
Kumene ndinakafunsira ntchito, malo atatu, palibe anachitchula.
Achinayi anangofunsa ngati ndimatha kuyendetsa thiraki pa chipale.
Ngati ukufuna chingwe chokha, ndikutumizira changachi.

Koma Lachiwiri lililonse, m'kachipinda ka pamwamba pa laibulale,
tinkakhala khumi ndi awiri kuzungulira tebulo limodzi,
hita ikugogoda ngati mlendo wosaleza mtima,
popanda msana wa munthu woti ubisaleko.
Mayi Halvorsen ankavula magalasi n'kungokuyang'ana.
"Wati madziwo ndi oipa. Wadziwa bwanji?"
Tsiku loyamba ndinakalirira kubafa.
Patatha milungu isanu ndi iwiri ndinawayankha, mawu akunjenjemera,
iwo n'kuti, "Bwereza, anzakowa alembe."
Ine, mwana wa wodula nyama ku fakitale ya ku Lexington,
anzangawo alembe.

Zinandidyera zambiri, asakunamize.
Ndinasiya mashifiti a Loweruka ku sitolo ya mankhwala,
ngongole n'kumakula mwakachetechete ngati nkhungu kuseri kwa firiji.
Ubatizo wa mwana wa Yaretzi ndinauonera pa foni
nditaima m'munda wa eni, chimanga atakolola kale, mu Novembala,
ndikutunga madzi a pachitsime m'timabotolo makumi anayi,
zala zitauma gwaa,
zonsezo chifukwa cha pepala lalitali lomwe anawerenga anthu atatu.
Wachitatuyo anali mlimi Dvorak, mwini chitsime.
Anandiimbira mu Epulo kuti zidzukulu zake zasiya kumwa pamenepo.
Sanathokoze. Anangofunsa mtengo wa sefa.

Dagny, mnzanga wa chipinda chimodzi, anatulukamo chaka chachiwiri.
Anati sanabwerere kudzapikisana ndi anthu osagona.
Lero ndi namwino ku Omaha, ali ndi nyumba yakeyake ndi agalu awiri,
ndipo sindinamumvepo akudandaula.
Ine ndikadali pa lendi.
Analiponso ena omwe dzina la gululo ankachita kudzola ngati mafuta onunkhira.
Nanenso ndinadzolako.
Ukukumbukira Khirisimasi ija ndinakonza Chingelezi cha Bambo patebulo?
Sanayankhe, anangopitiriza kudya.
Foloko yawo ija ndimaimvabe ikukanda mbale.

Ndiye usandifunse ngati n'zaphindu
ngati kuti tikukambirana za matayala a galimoto.
Iwe ndimakudziwa: umaphwasula wailesi yabwinobwino kuti uone za m'kati,
koma umadana n'kuuzidwa tsiku loibwezera.
Pita ukakhale nawo Lachiwiri limodzi usanasaine.
Ukaone ngati amamvetserana
kapena aliyense amangodikira mpata woti alankhule.
Wa chaka chachinayi ukamufunse maola amene anagona usiku wathawu,
ndiponso ngati ndalama yothandizira ija imakutsata ukatulukamo.
Zimenezo amazilemba m'tizilembo ting'onoting'ono, kumunsi kwenikweni.

Mayi Halvorsen sukawapeza, anapuma ntchito,
akuti akuweta njuchi kwinakwake kumpoto.
Koma dzulo ku ofesi ya zamadzi, pa msonkhano wa m'mawa,
bwana atanena kuti chitsime cha pasukulu ina chili bwinobwino,
ndinangomva pakamwa panga patatseguka pokha:
"Mwadziwa bwanji?"
Chipinda chonse chinati zii.
Mawa ndikupita ndi timabotolo.

Zimene ndinatuluka nazo zosalowa m'dilowa ndi zomwezo,
ndipo sindikudziwa ngati zikukwana mtengo wake.
Kalatayo ili ndi dzina lako, osati langa.
Meza kaye bulediyo, undiimbirenso.