Katundu wa Bwato Langa

Ndakweza anthu asanu ndi anayi, njinga ziwiri,
mbuzi yomanga miyendo ndi thumba la mbatata,
koma cholemetsa bwato langa lero
ndi pakamwa pa Zuze ndi Alufandika.

Zuze wavala malaya a nkhope ya munthu wake,
nkhope yosuluka ndi dzuwa la ku Bangula,
yatsala mano okha.
Mnzakeyo wamangirira kansalu ka chipani pa njinga.
Awiriwa anakhala desiki imodzi,
anakwapulidwa limodzi ataba nzimbe ku Nchalo,
lero sangagawane ngakhale ndudu.

"Wathu akalowa, mlatho pano chaka sichitha."
"Wanuyo? Anaulonjeza kale, madzi akusekabe."
Ine zii, nkhafi m'manja.
Mlathowo ukadzabwera ndidzadya chiyani,
palibe wandifunsa.

Tafika pakati, pamene Shire amazungulira
ngati waiwala njira ya ku Nsanje,
Zuze waloza kumwamba:
"Akangotibera mavoti, kukhetsa mwazi si tchimo.
Ngakhale m'Buku muli nkhondo zolungama.
Mbewa ikakana kutuluka, umasonkha moto pa una."
Alufandika waseka mpaka bwato lapendama:
"Mfuti zili mbali yathu, achimwene.
Inu yambani, ife tidzamaliza.
Wothyola khola la mwini salira mkondo."
Liwu loti nkhondo akulitafuna ngati nzimbe,
kuyamwa kutsekemera kwake,
kulavulira zotsala m'madzi.

Kumbuyo kwanga, pa thumba la mbatata lija,
akhala mayi Nyamphinga, ndodo ziwiri pambali.
Mwendo umodzi ndi umene anaoloka nawo pa Marka.
Unzake unatsala m'munda wa mapira kutsidya kwa malire
m'mawa wina, khasu lili paphewa.
Ndinali mwana wosadziwa kuwerenga pamene ankafika,
koma mahema a ku Mankhokwe ndimawakumbuka,
mzere wa mbale zopanda kanthu,
nandolo wofumbwa, fumbi,
ana oitana bambo aliyense wodutsa.

Sanakweze mawu mayiwo.
Afunsa ngati ofunsa mtengo wa mchere:
"Ana anga, nkhondo yanuyo iyambira mudzi uti?
Mundiuziretu, ndisamutse mbuzi."

Wina watsokomola.

"Kwathu nakonso onse anali olondola.
Obwera usiku anali ndi chifukwa chawo,
obwera masana anali ndi chawo,
ndipo onsewo ankafuna nkhuku yomweyo.
Amene anaiyamba ndinawamva pa wailesi pokha,
anakalamba ndi miyendo yawo yonse iwiri.
Bomba lomwe ndinaponda
sindinalifunse kuti ndi la chipani chanji.
Nalonso silinandifunse."

Namasupuni akudutsa mwakachetechete.
Mbuzi yasiya kulira.
Kwa nthawi yosenda mbatata imodzi
bwato langa lapepuka,
ndamva ndi mapewa.

Ku Makhanga doko ndi matope ofika m'maondo.
Zuze wapinda buluku, wawagwira mayiwo kukhwapa uku,
Alufandika kukhwapa uko,
nkhope yosuluka ija yadzola thope mpaka m'mano.
Awakhazika pouma, awapatsa ndodo zawo.
Ndimati zatha.
Asanafike pa mtengo wa masawu
ndamva "koma wanuyo ndi wakuba,"
"nanga wanuyo ndi mngelo?"
Ndawerenga ndalama m'chipewa:
onse awiri andiperewezera,
pamenepo pokha agwirizana.

Lachiwiri ndiolotsa mabokosi a mavoti,
wapolisi atakhala pamwamba pake, nsapato m'manja.
Bokosi ndi mlendo wabwino, sililankhula m'bwato.
Limadzalankhula likafika kutali,
m'zipinda zozizira zomwe ife sitilowamo,
ndipo zimene linene
zidzatipeza kuno kuchigwa, kotsikira madzi onse.

Usiku uno ndayatsa moto pamchenga,
ndikusungunula phula, ndikumata mng'alu uliwonse,
ngakhale uja ndinaulekerera chaka chatha.
Mkazi wanga wafunsa kuti changu chonsechi n'cha mabokosi basi?
Ndati eya.
Koma ndayeza ndi maso kuti ana angakwanemo angati
atakhala mothithikana,
opanda katundu.