Kuwerenga Nzeru pa Boma

Abwana anandituma kuwerenga nzeru.
Anati: pofika Lachisanu, Asiyatu, tidziwe
kumene ulimi wa dziko lapansi ukulowera.
Ndiye ndili pano, mu ofesi ya zaulimi pa Boma la Mangochi,
magetsi apita kwawo, fani yaima,
thukuta likutsika m'khosi,
laputopu yatsala ndi moyo wa theka la ola.

Kaundula wa mapatenti watseguka ngati nkhokwe ya eni.
Wa ku Korea wamangira mpanda kachipangizo
konunkhiza nthaka n'kunena ludzu lake.
Wina walembetsa mbewu ya phwetekere
yosaopa dzuwa la Okutobala.
Nambala, tsiku, dzina, chidindo.
Chaka ndi chaka mzere wa chiwerengero ukukwera
ngati msewu wa ku Namwera,
wokhotakhota, koma wokwera ndithu.

Ndalemba dzina la dziko langa m'kabokosi kofufuzira.
Kagudumu kazungulira, kazungulira,
ngati mwana wofunsidwa zimene sanaphunzire.
Zimene katola sizidzaza n'chikhatho chomwe.

Koma dzana ndinali kwa Che Mtalika, kuseri kwa Chowe.
Njinga yawo ya kabaza itafa sanailire.
Anaigadamitsa, namangirira tcheni ku chigubu cha malata,
m'kati anaikamo sefa ndi chidutswa cha tayala.
Ukapalasa ndi manja
mtedza umavula makoko wokha,
thumba lathunthu muadhini asanaitane masana.

Ndinafunsa: Mwalembetsa?
Anaseka mpaka chikofiya kupendekeka.
Kulembetsa ngati ukwati?
Mwana wa Abiti Twaibu anabwera kale, anaba ndi maso,
wakapanga yake ku Katuli.
Akuti yakeyo siswa njere.
Mawa ndipita ndikabe nanenso.

Sindikudziwa ngati ndiwasirire kapena ndiwaopere.
Tsiku lina munthu wa nsapato zoyera
adzajambula chigubucho,
n'kukachipatsa nambala kutsidya kwa nyanja zamchere,
ndipo mzere wanga uja udzakwera pang'ono,
pansi pa mbendera ina.

Batire yafiira.
Lipoti lili ndi mizati isanu ndi iwiri:
palibe mzati wa njinga zakufa,
palibe wa nzeru zobedwa masana mwini akuseka.

Laputopu yatsinzina.
Ndatsala ndi bolopeni, pepala,
ndi girizi wa tcheni uja pa mkono wa bulauzi,
amene sopo wa dzulo wamulephera.