Ponyanso

Tinaluza ndi poyinti imodzi.
Mipira iwiri yomaliza inali m'manja mwanga,
holo yonse ya ku Lusaka ili zii.
Woyamba unagunda lingi n'kubwerera,
wachiwiri sunakhudze kanthu n'komwe.

M'basi Tisiyenji Shawa sanatsegule pakamwa.
Pa mlatho wa Luangwa anzathu anatsika kukagula nsomba zouma,
iye anatsala pampando, ayezi pabondo,
madzi akudonthera m'nsapato.
Nyimba inadutsa ndi nthochi zake,
Petauke, Sinda, Katete,
ine ndikuwerenga mapolo a magetsi kuti misozi isagwe.

Tinatsika ku Kapata kusanache,
anyamata a njinga akuwodzera pa zishalo.
Aliyense anakoleka chikwama, ulendo wa kwawo.
Dzanja linandigwira paphewa:
"Enelesi, mpira uli ndi ndani?"

Bwalo lathu ndi simenti yong'aluka,
lingi linapendekera ngati khosi la wosenza makala,
ukonde unatha kalekale.
Anayatsa tochi ya foni n'kuitsamiritsa panjerwa,
naima pansi pa lingi.
"Ponya."
Ndinaponya. Ndinaphonya.
"Ponyanso."

Ndinamuda mbandakucha umenewo, ndisaname.
Ndinada mayi ameneyu
amene mpira unamudyetsa ku Maputo ndi ku Luanda,
amene timati tikapambana ndi makumi awiri
amafunsa za zitatu zimene tinataya,
amene ngakhale pa nsolo
salola ana a mchemwali wake kumudya.
Tikamathamanga kukwera Kanjala
amafika pamwamba woyamba, n'kutsikanso
kudzakankha womalizira kumsana,
ndipo womalizirayo kawirikawiri ndine.

Pa makumi asanu mikono inasanduka zipika.
Ndinati, "Akaputeni, ndatopa."
Anati, "Papepala la zigoli palibe malo olembapo kutopa.
Chigongono chako chikuthawira kunja. Chibweze.
Pinda mawondo. Puma kaye.
Lingi si mdani wako, usaligende."

Phiri linayamba kudzipatula ku mdima.
Amayi a tomato opita kumsika anaima m'mbali mwa waya,
madengu ali pamutu,
mmodzi wa chitenje chobiriwira anayamba kuwerenga nafe,
akasokoneza, anzake n'kumuseka.
Makumi asanu ndi atatu.
Makumi asanu ndi anayi.
Mpira unayamba kudziwa njira,
unkachoka pa zala ngati mbalame yozolowera chisa.

Wa zana utalowa ndinatola chikwama.
"Ukupita kuti? Ima apa."
Anandiimika pansi pa lingi,
iye n'kutsimphina kupita pamzere.
"Ine ndinaphonya itatu m'chigawo choyamba.
Palibe anaiwerenga, poti nthawi inalipo yambiri.
Ine ndinaiwerenga.
Iwe unangopezeka kumapeto kwa ngongole yanga."

Ndinayang'ana bondo lija,
lotupa ngati dzungu, bandeji itada ndi fumbi la mumsewu.
Madokotala awiri anamuuza kale kuti asiye.
Anawayankha kuti adzasiya
tsiku limene mmodzi wa ife adzamulande mpira
iye akuufunadi.

Anagunditsa pansi katatu, monga amachitira nthawi zonse,
napukuta chala chachikulu pa kabudula.
Unalowa.
Ndinamubwezera.
Unalowanso.
Dzuwa linatuluka, foni inazima yokha,
ana a sukulu anadzaza waya ndi zala zawo,
wina akunong'oneza mnzake kuti ndi uja, ndi uja wa nambala seveni.

Wa makumi atatu ndi chisanu ndi chimodzi
unazungulira lingi, unaganiza, n'kugwera kunja.
Ndinauwakha.
Bwalo lonse linati chete.
Ndipo ndinamva pakamwa panga, panga ine,
pakutuluka mawu ouma aja:
"Ponyanso."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.
Dzino lake lobenthuka lija linaonekera pang'ono.
Anatambasula manja.