Singano Pakhosi

Mawu anga anayamba kusasa mu Juni,
mwera utakhazikika pa Lizulu ngati walipira chiphaso cha msika.
Ndinati ndi chimfine. Ndinatafuna jinja, ndinamwa mandimu,
kachewere wanga akumera maso m'ndowa
poti minibasi ikaima, "Tiyeni kuno, bwana!" wanga
ankathera m'kamwa momwemo.

Adokotala analowetsa kachingwe kanyali m'mphuno
nandionetsa kholingo langa pa kanema:
timilomo tiwiri tofiira, totupa,
tokana kukumana ngati akazi apamitala.
Zaka makumi awiri ndikudyera timeneti osatidziwa nkhope.

Anati jakisoni wa siteroidi, pomwepo penipeni,
mwina kudzabwereza miyezi ikapita.
Ine ndinazolowera wapathako.
Anayamba ndi mankhwala a dzanzi.
"Musameze, mayi. Musatsokomole."
Ndinawerenga madontho a mvula yakale kudenga, asanu ndi awiri,
singano ikufunafuna pamene pamatulukira
dzina la mwana wanga ndikamamuitana madzulo.

Kenako lamulo: masiku angapo pakamwa potseka,
ngakhale kunong'ona ayi.
NaNgozo wapabenchi loyandikana anaseka mpaka kugwira nthiti,
ati msika upumeko,
komabe ankaitanira ndowa zanga pamodzi ndi zake,
ine ndikunenerera mtengo ndi zala.

Lero m'mawa, nkhungu isanachoke pamsewu,
mbuzi ya eni inalowetsa mutu mu kabichi wanga.
"Choka!"
Liwu linatuluka lowonda, ngati lobwereka kwa mwana wasukulu,
koma mbuzi inamva.