Wenzulo wa Masiku Asanu

Anandiphunzitsa masiku asanu okha
mu holo ya ku Nchalo, fani ikulira kudenga.
Tsiku lomaliza anandipatsa wenzulo,
sikipa yobiriwira, ndi mpira wosongoka ngati papaya.
Amvekere: basi aphunzitsi, ndinu kochi wa ragibe.
Ndinakwera minibasi ya ku Bangula ndikuwerenga malamulo,
tsamba lachitatu mphepo inandilanda pa Ngabu.

Bwalo lathu ndi makande.
Mu Okutobala limang'ambika ming'alu yomeza phazi la mwana,
nseso zili mbwee mpaka pagolo.
M'kabuku muja anajambulamo udzu wofewa.
Ine ndinawaphunzitsa kugwetsana.
Kugwa sindinawaphunzitse,
poti nanenso ndinali ndisanagwepo.

Khembo ndinamusankha ndi maso
monga achitira ogula ng'ombe:
mapewa, chifuwa, ntchafu, basi.
Mapewa okula ndi mabelo a thonje
ndi nkhafi ya bambo ake pa Mtayamoyo.
Zaka zake zinali fifitini,
pa fomu ndinalemba naintini
ndi cholembera chofiira chomwe ndimachongera mayeso.

Ankabwera kubwalo atabwira masau.
Chaka cha madzi chija ankabwera atadya nyika.
Kabuku kankanena za mazira ndi mkaka,
tsamba limenelo ndinalidumpha dala.
Ndipo ndine ndemwe, mwini choko,
ndinkamutulutsa pa phunziro la masamu
kuti akazungulire bwalo dzuwa lili paliwombo.

Kenaka kunabwera galimoto yoyera.
Inaima pansi pa mlambe osazimitsa injini,
galasi linatsika pang'ono chabe.
Uyo wamtaliyo wapsa?
Ndinati wapsa, bwana.
Pa esiteti apa nzimbe amaidikira chaka chathunthu,
amayamba aiyeza kutsekemera asanaitenthe.
Ine mwana wa eni ake
ndinamudula pa miyezi isanu ndi iwiri.

Anakwera Thabwa makutu akutsekeka,
nsapato zobwereka zili pamiyendo, osazivala, kuopa kuzitha.
Ku Blantyre anapeza azibambo a ndevu,
makosi ngati mitondo,
odziwa komwe mutu umabisala munthu akamagwira mnzake.
Iye sankadziwa.
Mwina zinali pa tsamba lachitatu lija.

Masewero achiwiri, mutu pa bondo la munthu, khuu!
Akuti anagona kuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo.
Anamuthira madzi a m'botolo:
dzuka, ndiwe mwamuna iwe, a kuchigwa salira.
Anadzuka. Anabwereramo.
Sabata yotsatira phewa linaguluka.
Pepala lomwe anasaina osalimvetsa lija
silinatchule chipatala paliponse.
Anamupatsa ya basi yolekezera pa Dyeratu,
kotsalako anakwera lole ya simenti.

Lero amapalasa kabaza pano pa Bangula.
Dzuwa likakwera amatsamira khonde la golosale,
akuti m'mutu mumalira chigayo.
Nthawi zina amaiwala ngati wokwera walipira,
amangoseka, n'kumusiya apite.
Dzanja lamanja silikwera kupitirira khutu.
Ine akandiona amaimika njinga,
kupukuta mpando ndi malaya ake.
Kwerani kochi.
Ndalama yanga salandira.
Bola akanandizazira.

Wenzulo anakhala chaka m'chitini cha choko.
Koma ana saleka kugogoda pazenera,
ndipo pali wina, Zuze, wa sitandade sikisi,
mapewa ake ayamba kale kundiyesa.

Dzulo sindinawatengere ku makande.
Tinayenda mpaka pa mchenga wa Lalanje,
mpira tinausiya m'kabati.
Ndinavula nsapato, ndinapinda thalauza,
munthu wa zaka fifite, mimba patsogolo,
n'kudziponya pansi, phii!
Anaseka mpaka ena kukhala pansi.
Ndinadzuka mchenga uli m'kamwa,
nthiti zikundifunsa mafunso.
Ndinati: onetsetsani pomwe ndaika mutu.
Ndalakwitsa. Ndibwereza.