Mkaka wa Navarana

Kalata yafika pa ndege ya Lachitatu
kuchokera ku labotale ya ku Copenhagen,
manambala ali ndandanda ngati mano a sowo.
Ndine namwino pa kachipatala ka ku Qaanaaq.
Botolo lija ndinalitseka ndine,
mkaka udakali wofunda.

Navarana wakhala pa benchi, nsapato zikudontha.
Qillaq, wa miyezi isanu, ali kumsana
m'chovala cha chikopa,
akuyamwa chala podikira bere.

Ndiyambire pati?
Kuno kulibe fakitale, kulibe munda.
Palibe anapoperapo mankhwala a mbozi pa madzi oundana.
Koma zimene anawaza m'minda ya thonje kutali,
mafuta amene anachucha m'thiransifoma yadzimbiri
m'mzinda umene ndi dzina lomwe sitiudziwa,
zapezeka m'botolo langa.

Dokotala wa kum'mwera anandijambulira papepala:
kukatentha, chiphe chimanyamuka ngati nthunzi,
mphepo n'kuchibereka;
kukazizira, chimatera.
Chilimwe china chinyamukanso, chiteranso,
kulumpha, kulumpha, kulunjika kumpoto,
ngati chiwala, anatero.
Ine chiwala sindinachionepo.
Chimene ndikudziwa n'chakuti kuno ndi kumathero:
kuzizira kwathu kukalandira mlendo sikumtsazika.

Mchere ukagwera m'madzi umasungunuka n'kumwazikana.
Ichi ayi.
Chimanyansidwa ndi madzi, chimasaka mafuta.
Chimakakamira kachilombo kosaoneka ndi maso,
kansomba n'kumeza tizilomboto zikwizikwi,
katumbu wa m'nyanja n'kumeza nsombazo mazanamazana,
ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amachikodza.
Aliyense amasunga
n'kupatsira womudya,
ngongole yoswana chiwongoladzanja pa khomo lililonse.
Pamwamba pa makwerero pali chimbalangondo choyera,
pali namgumi,
pali ife.

Dzuwa likanachiswa pang'ono,
koma kuno dzuwa limathawa miyezi inayi.
Tizilombo towoletsa zinthu timachinunkhiza n'kulambalala.
Ochipanga ankachitamira zomwezo:
sichipsa, sichiwola, sichisintha nkhope.
Anachiletsa Navarana asanabadwe,
koma lamulo lili papepala
ndipo chiphe sichinapite kusukulu.

Ndikumuuza pang'onopang'ono, ngati ndikusoka bala.
Kuti thupi lake lakhala likusunga
kwa zaka makumi awiri ndi zitatu,
nthuli iliyonse imene bambo ake anamudulira pa mpeni,
ndipo khomo lotulukira ndi limodzi lokha.
Kuti mwana wachisamba ndiye amalandira gawo lalikulu.
Apa mawu andikakamira pakhosi.

Iye akuyang'ana pawindo.
Panja mwamuna wake Ululik akumasula agalu,
katumbu wonona ali gone pa chikuku,
magazi aundana kale, ofiira ngati mkanda.
Nyama imeneyo ndiyo moto wa m'mafupa athu.
Nkhuku ya m'sitolo inabwera pa sitima ya Ogasiti,
mtengo wake ngati wa zipolopolo bokosi lonse,
ndipo mkaka wa m'chitini unatha sabata yatha.

"Ndiye ndimuchotse kubere?"

Ndatembenuza kalata kufuna yankho kuseri.
Kuseri n'koyera mbee.
Labotale imayeza mpaka kachidutswa ka kachidutswa,
koma ilibe sikelo ya chifuwa cha mwana pa usiku wa Januwale,
kapena ya chitetezo chimene chimayenda mumkaka womwewo,
phewa ndi phewa ndi mdani.

"Muyamwitseni," ndatero.
"Idyani nsomba, idyani nyama yodya ndere.
Mafuta a chimbalangondo asiyeni kaye."
Waseka pang'ono, osaonetsa mano:
"Amene anathira mankhwalawo, awauza kuti asiye kudya chiyani?"

Qillaq wayamba kulira.
Mayi wamuzunguzira kutsogolo, wamasula chovala.
M'chipinda mwangoti zii,
kupatula kumeza kwa mwana, kwiti, kwiti,
ndi mphepo ya kum'mwera ikupala denga,
sindikudziwa yanyamula chiyani lero.

Ndatsegula kabati.
Mabotolo ena khumi ndi anayi akudikira mayina.